Mchere m'Chitini cha Mnzanga

Sikelo ija inali yachikasu, yaitali ngati chitsononkho, ya mphete kumwamba ndi mbedza kunsi. Ukakolowekapo chinthu, kamuvi kofiira kankatsika kakulira kuti tswii, n'kukaima pa nambala yake. Inkalekera pa magalamu chikwi chimodzi, ndipo pasukulu ponse inalipo yokhayo. Aphunzitsi athu a sayansi ankaisunga m'sokosi yakale, m'kabati ya loko, koma kiyi wa kabatiyo ankalendewera m'khosi mwanga pa kachingwe kakuda. Ndinkamuvalira pamwamba pa juzi kuti aliyense amuone.

Ndinali Folomu 1 pa sekondale ina yoyendera ku Misuku. Amayi anali namwino, ndipo boma linawatumiza kumeneko kuchokera kwathu ku Ntcheu. Tinali titakhalako zaka zitatu, koma ine ndinali ndikadali mlendo, ndipo kukhala mlendoko ndinkakunyadira. Moni wa kumeneko ndinkaudziwa, "mwaghona" ndi "yewo" ndinkayankha bwinobwino, koma mumtima ndinkati anthuwa ndawaposa. Chizungu chinali changa, Chichewa chinali changa, nambala wani inali yanga teremu iliyonse. Ndikanena zoona, ndinali kamtsikana kodzimva, ndipo lero nditakumana nako pamsewu sindikudziwa ngati ndingakapatse moni.

Kumbuyo kwenikweni kwa kalasi kunkakhala mtsikana wina wochokera kufupi ndi nkhalango ya Mughese. Ankayenda mtunda wautali m'tinjira totsetsereka, ndipo m'nyengo yothyola khofi ankafika mochedwa tsiku lililonse, chifukwa ankayamba walowa kumunda. Unali mwezi wa Juni, nkhungu ikukhala m'mapiri mpaka dzuwa litakwera. Ankalowa m'kalasi siketi itanyowa m'munsi ndi mame, zala zitada ndi utomoni wa khofi, zili ming'alu yokhayokha chifukwa cha chisanu. M'thumba mwake simunkasowa zipatso zofiira za khofi, zimene ankayamwa pang'onopang'ono m'malo mwa kadzutsa. Akamayankhula Chichewa, madzi ankati maji, ayi ankati yayi. Anzake sankaona chachilendo, poti onse ankatero. Wosekayo ndinali ine.

Tsiku lina aphunzitsi analowa ndi kalata m'dzanja limodzi, mwala m'dzanja linalo. Kalatayo inkati masukulu akakumane ku boma, ku Chitipa, kukaonetsa zoyeserera za sayansi, ndipo kalasi yathu itumize mwana mmodzi. Atawerenga, maso onse anatembenukira kwa ine, inenso ndinadziyang'ana ndekha mumtima n'kuvomera. Madzulo ake ndinauza amayi kuti ndikupita ku boma. Pofika mawa lake, chipatala chonse chinali chitadziwa, mpaka agogo odzakwezetsa ana sikelo ankandiloza kuti ndi uyu.

Koma aphunzitsi anali asanamalize. Anaika mwala uja patebulo kuti gu! Unali wa kumtsinje, wa makona osadziwika bwino, waukulu ngati chibakera cha munthu wamkulu. Anati yemwe angapeze voliyumu yake, ndiye kuti malo amene mwalawo ukutenga, ndiye adzapite. Osauswa, osauyeza ndi lula, poti sunali bokosi. Botolo lagalasi lokhala ndi manambala, limene mabuku amati muziyezera zotere, linali litasweka kalekale ife tisanabwere. "Sabata imodzi," anatero. "Ganizani ndi mitu yanu."

Ine sindinaganize ndi mutu, ndinangotsegula buku. Bukulo linkati udzaze chitini ndi madzi mpaka pakamwa, umizemo mwala, kenako uyeze madzi otayikawo. Ndinapempha amayi kakapu koyezera mankhwala ka mamililita makumi atatu, ndipo Lolemba ndinaonetsa kalasi yonse. Chitini m'beseni, mwala phava, madzi khuthu. Kenako ndinayamba kutunga ndi kakapu kaja ndikuwerenga mokweza m'Chizungu. Ulendo woyamba ndinapeza 270. Aphunzitsi anati ndibwereze, ndinapeza 320. Kachitatu 290. Madzi ena ankatsalira m'beseni, ena ankatayikira patebulo, ena ankakwera m'mikono ya juzi langa. Komabe anandiyamikira kuti njirayo ndi yoona, ndipo ndinakakhala pansi ndikumva ngati ndakwera kale galimoto.

Apa m'pamene kumbuyo kunadzuka dzanja lakuda ndi khofi. Mtsikana wa ku Mughese anapempha sikelo. Aphunzitsi anandikodola, ndipo ine ndemwe ndinatsegula kabati, n'kuisolola m'sokosi, n'kumupatsa. Anamanga mwala ndi ulusi wa thumba la feteleza, n'kuukoloweka pa mbedza. Kamuvi kanaima pa 800. Kenako anautsitsira m'chitini pang'onopang'ono mpaka unabisika wonse, osaulola kugunda pansi kapena m'mbali. Kamuvi kanabwerera m'mwamba, n'kuima pa 500. Anayang'ana aphunzitsi, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ni 300, Sala."

Ine ndinaseka. Ndinati atifunsa malo, iye akutiuza kulemera, nanga zikugwirizana pati? Aphunzitsi sanaseke. Anamufunsa kuti wazitenga kuti.

Anafotokoza akuyang'ana pansi, Chichewa chikusakanikirana ndi cha kwawo. Anati akamakonza ngalande yopititsa madzi kumalo otsukira khofi, miyala ikuluikulu amaikunkhuniza m'madzi momwemo, chifukwa m'madzi mwala umapepuka, ukangotulutsa mutu kunja umayambanso kulemera. Anatinso amalume ake, amene ankayeza khofi wa alimi, m'mawa uliwonse ankayamba akoloweka chigubu cha madzi cha malita asanu kuti aone ngati sikelo yawo ikunena zoona, poti lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi. Ndiye iye anaganiza kuti mwala ukalowa, umakankha madzi ofanana nawo kukula, ndipo madzi okankhidwawo ndi amene amaunyamulako. Ngati wapepuka ndi magalamu 300, ndiye kuti wakankha mamililita 300. "Malo ghake ni ghenegho," anatero.

Anabwereza katatu, katatu konse 300. Patebulo sipanadonthe ngakhale dontho limodzi.

Aphunzitsi anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi. Kenako anati, "Mwana iwe, zimenezi zili m'buku la makalasi am'tsogolo. Ine sindinakuphunzitseni." Mawu amenewo anandilowa ngati minga. Chaka chonse ankandiuza kuti "wakhoza," "wakumbukira bwino," koma sanavulepo magalasi chifukwa cha ine. Anawonjezera kuti njirayi imafuna madzi oyera, chifukwa madzi amchere ndi olemera, amanyamula mwala kwambiri n'kukunamiza. Ambiri sanamve, anali kalikiliki kuwombera m'manja. Ine ndinamva, poti kusunga mawu a aphunzitsi ndiyo inali ntchito yanga.

Pofuna chilungamo, anati tidzapikisane awirife Lachisanu la sabata yotsatira pamaso pa ahedi. Adzabweretsa mwala wina umene iwo adzakhale atauyeza kale, aliyense ndi chitini chake ndi njira yake, ndipo woyandikira kwambiri ndiye adzapite.

Masiku amenewo ndinadwala nsanje, palibe dzina lina. Nthawi yopuma ana ankamuzungulira ndi miyala, mabawuti, ngakhale dzira, kuti awayezere. Aphunzitsi anamulola kupita nayo sikelo kwawo Loweruka ndi Lamulungu, chinthu chimene ine wosunga kiyi sindinaloledwepo. Ndinkatsegula kabati n'kupeza sokosi yokhayokha. Ndinayamba kumuona zolakwa paliponse: kayendedwe kake, fungo la utsi m'juzi lake, mmene ankalavulira njere za khofi. Choipa kwambiri n'chakuti iye sanasinthe. Ankandipatsabe moni woyamba, ndipo tsiku lina anandipatsa zipatso za khofi zitatu kuti ndilaweko. Ndinalandira, n'kukazitaya kuseri kwa chimbudzi.

Kunyumba ndinkayeserera madzulo aliwonse pakhonde, manja atachita dzanzi ndi madzi ozizira a m'mapiri. Manambala anga ankangovina. Amayi anaona, n'kundifunsa kuti nanga osangophunzira njira ya mnzakoyo bwanji. Ndinati njira yake ndi yachimidzi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kungoti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe." Ndinayesa akundilimbikitsa. Lero ndikudziwa kuti ankanena za mnzangayo.

Lachisanu ndinalawira kwambiri, nkhungu isanachoke. M'chikwama mwanga munali paketi ya mchere wosalala wa ku Tanzania, imene amayi anali atangoitsegula kumene. Zitini ziwiri zinali m'kabati, changa ndi chake, ndipo kutunga madzi inali ntchito yanga. Ndinadzaza zonse ziwiri ku mpopi. M'chitini chake ndinakhuthuliramo paketi yonse, n'kutakasa ndi lula mpaka dzanja linatopa. Poyamba madzi anachita mbuu, ine n'kuyesa kuti ndagwidwa, koma pofika nthawi yopuma anali atayera mbee ngati a m'chitini changa. Ndimafuna nditanena kuti ndinachita mantha kapena manyazi. Ayi ndithu. Ndinkangodzitama kuti ndine wochenjera, ndipo paketi yopanda kanthu ndinaikwirira m'munda wa nthochi za ahedi.

Ahedi anafika atavala chikhoti chawo chachikulu, n'kukhala kutsogolo. Aphunzitsi anatulutsa mwala watsopano, wotuwa, wocheperapo, ndipo yankho anali atalilemba pa kapepala n'kukapinda. Ndinayamba ndine. Ndinatunga mosamala kuposa masiku onse, n'kupeza 190. Ndinalemba pa bolodi manambala akuluakulu.

Kenako iye. Kunja mwala unakoka 560. Anautsitsira m'chitini, kamuvi kanakwera mpaka 320. Ndiye kuti 240. Mumtima ndinati eya, lemba, lemba msanga! Koma ulusi unali utakodwa m'mphepete mwa chitini, ndipo anapisamo dzanja kuti aukonze. Anachotsa mofulumira, n'kukutumula zala, nkhope itakwinyika. Madzi anali atalowa m'ming'alu ija. Anayang'ana zala zake, anayang'ana madzi. Sanalawe, sanafunse munthu. Anapisa m'thumba, n'kutulutsa chipatso cha khofi chofiira psuu, n'kuchiponya m'chitini.

Chinayandama.

Kwa ine zimenezo sizinatanthauze kanthu, koma m'kalasi munamveka phokoso, chifukwa ana onsewo anali a m'minda ya khofi. Kumeneko khofi akathyoledwa amamuthira m'madzi kuti asiyanitse. Chipatso chakupsa bwino chimamira, choyandama ndi chamapepe kapena chofumbwa, ndipo amachiyoola n'kuchiika padera. Mwana aliyense ankatha kuzindikira chipatso chabwino ndi maso okha, ndipo chimenecho chinali chabwino. Mnzanga uja anachivuula, n'kudzachiponya m'chitini changa. Chinamira kuti tibu, mpaka pansi.

"Sala, khofi ali makora," anatero, kutanthauza kuti khofiyo ali bwino. "Maji ndigho yayi."

Aphunzitsi anaviika chala n'kulawa, n'kulavulira pazenera. Sanayang'ane aliyense, ndipo kusayang'anako kunandiwawa kuposa mbama. Anatuma mwana kukatunga madzi ena ku mpopi. M'madzi atsopanowo kamuvi kanaima pa 350. Iye analemba 210 m'munsi mwa 190 wanga, timanambala tating'ono topendekeka. Ahedi anafunyulula kapepala kaja n'kuwerenga: 210.

Zikanathera pomwepo bwenzi ndikungoti ndinaluza. Koma iye anaimabe pa bolodi akuyang'ana zitini ziwirizo, kenako anapempha kuti madzi amcherewo asatayidwe. Anati mwala ndi womwewo, malo ake ndi omwewo, 210. M'madzi oyera wapepuka ndi 210, m'madzi amchere wapepuka ndi 240. Ndiye kuti mamililita 210 a madzi amcherewo akulemera magalamu 240. Mwala wodziwika kale malo ake ungakuuze kulemera kwa madzi aliwonse, kaya mafuta, kaya mkaka wosungunulidwa ndi wogulitsa wachinyengo. Ahedi anaimirira n'kumugwira chanza. Aphunzitsi anati ku boma akaonetse zonse ziwiri, ndipo yachiwiriyi ndiyo idzadabwitse anthu. Abale inu, mchere wa amayi anga! Ndinautenga kuti ndimugwetse, ndipo ndi umene unamukweza. Ndinakhala pampando, kiyi ndikum'bisa m'kati mwa juzi.

Madzulo amenewo amayi anaphika nyemba zopanda mchere. Anati paketi yasowa, ndipo sagulanso ina mpaka yakaleyo itanena kumene yapita. Nkhani ya kusukulu inali itawapeza kale ku chipatala, poti ku Misuku nkhani imatsika phiri msanga kuposa munthu. Sanandimenye, sanandifunse. Tinadya nyemba zozizira mkamwa masiku anayi, tikuyang'anizana, ndipo iwonso ankadya zomwezo.

Lolemba lake, titaweruka, aphunzitsi anandiuza kuti nditsalire. M'kalasi munali ife awiri, kunja kukuwaza kamvula ka nkhungu. Anakhala pa desiki ya ana, osati pampando wawo. Anati mnzanga uja anawapeza m'mawa n'kuwauza kuti za mchere tinapangana awirife, kuti maganizo oyesa madzi amitundu iwiri anali anga, koma tinachita manyazi kunena pamaso pa ahedi. Anati mnzangayo wapemphanso kuti tipite tonse, chifukwa choyeserera cha zitini ziwiri chikufuna anthu awiri, wina wogwira sikelo, wina wofotokoza m'Chizungu, ndipo Chizungu chake iye chimathawa akaona anthu ambiri. Ahedi anali atavomera kale, malo m'galimoto analipo.

"Ndikungofuna ndimve kwa iwe," anatero. "Mchere uja unathira ndiwe?"

Ndinaona msampha. Mutu wanga unathamanga: ndikati inde, andilanda kiyi, aitanitsa amayi, andiimika pa asembule, ndipo kamtsikana kaja kadzaseka komaliza. Ndinkadziwa mmene ine ndikanachitira nditamugwira iye pa mlandu wotere, ndipo sindinkadziwa kuti munthu angachite mwina. Ndinawayang'ana m'maso, n'kunena m'Chizungu changa chosalala chija kuti za mcherewo sindikudziwapo kanthu, ndipo ngati wina wanena kuti tinapangana, akunama.

Anadikira. Ndikukumbukira madontho akugwa kuchokera pa malata, ndi choko chimene ankachitembenuzatembenuza m'zala. Anandifunsanso kachiwiri, mofatsa, m'Chichewa: "Waganiza bwino, mwana wanga?" Ndinati ndaganiza. Anapuma mozama n'kunena kuti chabwino, ndizipita. Kiyi sanandilande. Ndinatuluka ndikumva kuti ndapambana.

Ndikaganiza lero, bambo aja sanapusitsidwe ndi nkhani yopanganayo ngakhale pang'ono. Ankadziwa amene ankatunga madzi, ankadziwa amene anali ndi kiyi. Anangoona kuti mwana wolakwiridwayo watsegula chitseko, iwo n'kuchigwirizira kuti chisatsekeke.

Ananyamuka Lachinayi m'mawa pa galimoto yaing'ono yonyamula matumba a khofi. Sukulu yonse inatuluka kukaima m'mbali mwa msewu. Mnzanga uja anali atavala juzi lobwereka, zitini ziwiri zili m'thumba la pulasitiki, ndipo zala anali atazikwecha mpaka ming'alu ikuoneka yofiira. Ine ndinaima patali, pansi pa mtengo wa mapeyala, manja nditapinda, kuti aliyense aone kuti sizikundikhudza. Aphunzitsi atalowa kutsogolo, iye anatsikanso kumbuyo kuja n'kubwera molunjika kwa ine. Ndinakonzeka kuti anditukwane, ndipo mayankho ndinali nawo kale pakamwa.

Anaima pafupi, n'kuyankhula motsitsa kuti ena asamve. "Ukanangoti inde," anatero. "Ine nkhuwopa kuyowoya pa wanthu. Nkhakhumbanga tilute tose." Ankatanthauza kuti amaopa kuyankhula pagulu, ndipo ankafuna tipite tonse.

Woyendetsa analiza hutala, iye n'kuthamanga kukakwera. Pa matumba paja, pambali pake, panali malo okwanira munthu wina, ndipo galimoto ikutsika phiri anakhalabe chakumphepete osasendera pakati. Ndinaiyang'ana mpaka inalowa m'nkhungu, mtima ukuwira, ndikudziuza kuti kamtsikanaka n'koipa mtima zedi, kapambana kale koma kabwereranso kudzandinyogodola. Ndinakhulupirira zimenezo zaka zambiri. Sindinkatha kumvetsa kuti munthu angadziwe bwinobwino chimene wamuchita, zala zikumuwawabe ndi mchere wako, n'kukanamabe kwa aphunzitsi kuti iwe upite nawo.